A Theka ndi Anthu a Mafunso

Pamzere wonse wa osoka nsapato panalibe munthu wodana ndi mawu oti "pepani" ngati a Theka. Matenda a shuga atawadyera mwendo wakumanzere, aliyense wobwera ndi nkhope yachisoni ankamubweza: "Mukupepesa chiyani, munaudula ndinu? Wangotsogola uja, ukandigwirire malo kumanda." Dzinalo anadzipatsa okha, ati anthu asavutike kuwanena kumbali.

Kulemera kwa nthabwalazo ankakudziwa ndi akazi awo. M'mawa uliwonse ankawakweza panjinga n'kuikankha mpaka pakhonde la sitolo, bokosi la zida lili pamutu.

Ndiye kunabwera a kafukufuku, atsikana awiri onyamula mapepala, ofuna kudziwa mmene odulidwa miyendo akukhalira.

"Bambo, moyo mukuumva bwanji? Sankhani, wani mpaka faifi."

"Mukufunsa mbali iti? Yakumanja ikuti folo. Yakumanzere inasamuka osatsanzika."

"Nanga ululu?"

"Chala chachikulu chikuyabwa, chimene kulibecho. Tandikandani, mwana wanga, inu ndinu ophunzira."

Mzere wonse unafa nacho chiseko. Mtsikana wofunsayo anangolemba.

Chaka chotsatira kunabwera ena, mafunso omwewo. Awa anayeza chitsa cha mwendo ndi tepi, nati mwina mwendo wapulasitiki upezeka. Sabata imeneyo a Theka anadzisokera nsapato yakumanzere, yachikopa chabwino, n'kuipukuta mpaka munthu kudziwonerapo. Chaka chachitatu kunabweranso ena. A Theka atafunsa za mwendowo, anauzidwa kuti oyeza aja anali a gulu lina.

"Tilembe kuti mwazolowera, bambo?"

"Lembani. Inuyo ndiye ndakuzolowerani."

Nthawi zonsezi akazi awo ankakhala pomwepo, akudula ulusi. Palibe anawafunsa kuti iwo ali pa nambala yanji, kapena kuti munthu woseketsa msika wonseyu akafika kunyumba amatani. Kunyumbako a Theka ankayang'ana khoma, mbale osaikhudza, ukawayankhula n'kukulalatira ngati unawabera mwendo ndiwe.

Chilonda chitatuluka paphazi lotsalalo, a Theka anachibisa m'sokosi miyezi iwiri, mpaka fungo linawaulula. Dokotala anati mwendowo nawonso udulidwe.

"Theka la theka n'chiyani, adokotala? Ndisiyeni ndipite ndili ndi poimira."

"Bambo ake, chonde," anatero akazi awo atagwada. "Ndizikunyamulani ngati kale."

"N'zimene ndikukanazo."

Akazi awo anaitana abale, anaitana abusa, sizinatheke. A Theka anamwalira mvula isanagwe.

Pakhonde paja pano pali wogulitsa machaja a foni, munthu wosaseka. Osoka nsapato amagwira ntchito atazyolika, ndipo kasitomala akawanyoza palibe womuyankha mpaka kuthawa. Akazi a malemu Theka amadutsapo popita kumsika, manja ali lende, osadziwa pomwe angawaike. Msana umene unawavuta zaka zisanu ndi chimodzi unapola mwezi usanathe, ndipo zimenezo sanauze munthu.