Nkhondo ya Malo a m'Bwato la a Jenkins

Inu nonse okhala ndi makutu, imani kaye, tulani mabeseni anu a usipa pansi, pakuti nkhani iyi simveka munthu ali ndi katundu pamutu. Zinachitika m'zaka zija dzuwa linayamba kuwotcha ngati tinalilakwira, mvula n'kumabwera tsiku limene yafuna yokha, nyanja n'kukwera mpaka kunyambita makhonde a anthu. M'zaka zomwezo a Latif a ku Lungwena anagula sola ndi kanema wamkulu ngati chitseko, namukhomera m'tiyirumu mwawo kuti tiyi aziyenda malonda. Mmenemo ndi mmene munabadwira nkhondo imene mpaka lero ikatchulidwa, amayi a pamjigo amasiya kupopa.

Ngwazi ya nkhondoyi anali mayi Benedicta, Mphambe ya ku Doko, Wosagonja pa Mtengo wa Usipa, amene akayambitsa nyimbo m'tchalitchi cha Angilikani ngakhale ogontha amatembenuka. Amuna awo anawaika m'manda kalekale, ana onse anali ku Joni, ndipo nyumba yawo inali pafupi ndi madzi kuposa nyumba zonse. Mnzawo wa ponda apa nane mpondepo anali mayi Enid, Mfumukazi ya Singano, telala wa mayunifolomu a bungwe la amayi, mkazi wa a Jenkins, msodzi wa bwato limodzi ndi pakamwa pokwanira mabwato khumi. Amayi awiriwa anadziwana ali atsikana, ankaitanana achemwali, ndipo mchere wa nyumba imodzi unali wa nyumba zonse ziwiri.

Loweruka lililonse masana kanema wa a Latif ankaonetsa sewero lotchedwa Nyanja Ikadzuka, la mzinda umene anthu ake anatha mitengo, nadzaza kumwamba ndi utsi, mpaka nyengo inasintha, madzi n'kubwera kudzalipsira. Anthu ankadzaza mpaka m'mawindo. Nyumba zikamagwa, a Latif ankaiwala ketulo pamoto n'kumangoti, “Subuhanala!” A Rabson okonza njinga, amene sukulu anafika nayo Fomu 2, ankalimbitsa anthu mtima kuti madzi onsewo ndi a kompyuta, koma mafunde akamayandikira ankakweza miyendo pabenchi. Asodzi okha ndiwo sankaopa kanthu. Iwo chinkawapweteka ndi kapalasidwe ka mnyamata wa m'sewerolo.

“Taonani nkhafi waigwira ngati chipande!” ankafuula a Jenkins. “Ameneyu mwera ukanamupeza, sewero likanathera gawo loyamba!”

Koma gawo lachisanu linatseka pakamwa pa aliyense. Banja lina linakwera bwato, ndipo mayi wina woyandikana nalo, wamasiye, anatsala padenga akukupiza duku lake, akuitana anzakewo mayina mmodzimmodzi. Malo munalibe. Bwato linapita, madzi anakwera, duku linasowa. Mayi Benedicta analira osabisa, chifukwa denga lija linafanana kwambiri ndi lawo.

Pobwerera kunyumba anafunsa, ngati akungocheza.

“Achemwali, zitati zachitika kuno, m'bwato la alamu mungakwere ndani?”

Mayi Enid, osadziwa kuti akusolola lupanga m'chimake, anawerenga ndi zala. “Bambo akunyumba kumbuyo ndi nkhafi, ine pakati, makina anga osokera kutsogolo. Basi, ladzaza.”

“Makina?”

“Eetu. Nanga tikakafika kumtundako tizikadya chiyani?”

Mayi Benedicta anadikira dzina lawo. Anadikira podutsa pamjigo, anadikira podutsa pachigayo, anadikira mpaka pachipata, koma mnzawo uja anangoti, “Tionana mawa kutchalitchi,” n'kulowa.

Mawa lakelo ng'oma ya nkhondo inalira. Pa Misa, wansembe atanena kuti anthu apatsane mtendere wa Ambuye, Mphambe ya ku Doko inapereka nsonga za zala ziwiri zokha, maso ali kudenga. Lolemba inabweza sefa imene inabwereka chaka cha chisankho. Mfumukazi ya Singano, posafuna kuoneka yoperewera, inabweza musi. Lachitatu mayi Benedicta anaponya mkondo umene unagwedeza gombe lonse: anakwera minibasi mpaka kuboma ku Mangochi, kukapereka bulauzi yawo ya bungwe kwa telala wachilendo, mwamuna, kuti aikeko batani limodzi.

Mudzi unang'ambika pakati. Ena anati munthu ndi munthu, chitsulo ndi chitsulo. Ena anati kupulumuka wopanda chogwira ndiko kufa kawiri. Ndipo Lachisanu magulu onse awiri anakumana kudoko, pamene mayi Benedicta anamanga chitenje m'chiuno, nakwera pa bwato lovundikira, nalankhula mawu amene alembi a mbiri ayenera kuwasunga.

“Tamverani, inu a ku Lungwena! Ine amene ndinagona pansi kuchipatala masiku asanu ndi anayi mayi uyu ali kwakaya; ine amene ndinamuphikira phala, n'kumupesa tsitsi, n'kunama pomuteteza kwa apongozi ake kawiri; lero ndapambanidwa ndi chitsulo chopalasa ndi phazi! Kodi makinawo adzakusambitsani mukadzadwala? Kodi adzakuyambitsirani nyimbo pamaliro panu?”

Mayi Enid anaimirira, tepi yoyezera ili m'khosi.

“Munafunsa za bwato, ine ndinayankha za bwato! Bwato si minibasi yoti kondakitala anene kuti sunthani pang'ono. Komanso inu achemwali, tisabisane, muyezo wa m'chiuno mwanu ndimausunga ndine. Mulungu anakudalitsani.”

Khamu linati, “Aaa!” Ngakhale agalu a kudoko anachoka mwakachetechete.

Mayi Benedicta anabwerera kwawo mutu uli m'mwamba, koma atatseka chitseko anakhala pamkeka n'kugwira tsaya. Kunena zoona, madzi sankawaopa kwenikweni; anabadwira pamadzi, ndipo kufa aliyense adzafa. Chinkawawawa n'chakuti pa dziko lonse lapansi panali munthu mmodzi yekha amene ankayesa kuti angawawerenge pa zala zake, ndipo munthuyo anawerenga zala zitatu n'kupinda dzanja.

Nkhondo ikanafika Khirisimasi pakanapanda a Rabson, amene analengeza m'tiyirumu kuti malinga ndi sayansi, bwato la a Jenkins silinganyamule anthu atatu ndi makina. A Jenkins akanapirira kutukwanidwa iwo, koma osati bwato lawo.

“Bwato langa linanyamulapo kampango wotalika ngati inuyo, a Rabson! Mawa mmawa nonse kudoko. Akazi anga, makina, alamu anga ndi ine, tikwera tonse, dziko lione!”

Kutacha gombe linadzaza ngati pali msonkhano wachipani. Mayi Benedicta anafika atavala chitenje cha pa Isitala, nanena kuti abwera kudzachititsa bodza manyazi basi. Tsono odziwa amadziwa kuti bwato losema lili ndi kamwa lopapatiza: munthu sakhala m'kati, amakhala pamilomo pake, miyendo yokha n'kulowetsa. Choncho anakhala mondondozana, mayi Benedicta kutsogolo, msana atalozetsa kwa mdani wawo. Mayi Enid pakati, atafukata mutu wa makina wokulunga m'chitenje, pokana kuuika pansi ponyowa. A Jenkins kumbuyo, chifuwa chili patsogolo.

Anapalasa kamodzi, bwato linayenda. Anapalasa kachiwiri, madzi anafika chala chimodzi kuchokera pamilomo, koma linayendabe. Kachitatu khamu linaomba m'manja, ndipo apa ndi pamene mdierekezi analowa mwa a Jenkins. Anatembenukira kugombe, nakweza nkhafi m'mwamba.

“Aitaneni a pakanema aja adzaphunzire! Nkhafi timagwira chonchi!”

Bwato linangoti pendeke, kenako onse khuvuu!

Woyamba kutulutsa mutu anali mayi Enid, m'manja mulibe kanthu. Sanayang'ane makina, sanayang'ane amuna awo. Anadumphira mayi Benedicta, nawakola khosi ndi mkono, nayamba kuwakokera kumtunda akukuwa ngati nyumba ikupsa.

“Achemwali anga ine! Thandizani, anthuni! Benedicta, usandisiye! Gwira ine, gwira ine!”

“Makina, mayi Enid, makina amira!” anafuula a Rabson.

“Asiyeni amire!”

Olemba mbiri ayenera kunena chilungamo: madzi pamalopo ankalekeza m'chiuno. Mapazi a mayi Benedicta anali ataponda mchenga bwinobwino, ndipo akanatha kuyenda okha mpaka kunyumba. Koma Mphambe ya ku Doko inatseka maso, inalefula thupi lonse lodalitsika lija, n'kulola kukokedwa pang'onopang'ono, kuti imve bwino mawu onse. Atafika pamchenga anatsokomola kawiri mwaulemu, n'kutsegula diso limodzi.

“Mwati makina atani, achemwali?”

Apo ndi pamene mayi Enid anayang'ana manja awo. “Mayo ine! Makina anga!”

Asodzi asanu ndi mmodzi analowa m'madzi, ndipo makina anavuulidwa ndi khoka, pamodzi ndi nkhanu ziwiri zimene sizinkadziwa kanthu za nkhondoyi. Amayi a bungwe anawanyamula pamutu molandizana, nthungululu zili pakamwa, kuzungulira mudzi wonse, a Jenkins akutsimphina pambuyo ndi nkhafi yawo. Kenako anawagoneka pathandala pakati pa usipa kuti aume. A Rabson anawamasula zitsulo n'kuwadzoza mafuta a njinga, a Latif anabweretsa tiyi wa mkaka ketulo yathunthu, ndipo amayi awiri aja, madzi akuchucha, anamwera kapu imodzi ngakhale makapu analipo ambiri.

Potsiriza a Jenkins anakwera pa chitsa, nalengeza pangano la mtendere: kuti kuyambira tsiku limenelo mpaka mibadwo ya mibadwo, malo a kutsogolo kwa bwato lawo ndi a mayi Benedicta, ndipo makina, chigumula chikadzabwera, adzaona okha chochita.

Mayi Benedicta anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

“Zikomo alamu, koma bwato lanulo sindidzakweranso, chigumula chibwere, chisabwere. Zimene ndimafuna kuona ndaziona.”

Atatero anathyola kanthambi, nakhala pafupi ndi thandala, n'kuyamba kuingitsa ntchentche pa makina a mnzawo mpaka anauma.