A Sufiyani Ankayanika Chilichonse, Ngakhale Alendo

Ku Nkhotakota tonse timayanika: usipa, mpunga, chinangwa. Koma malume anga a Sufiyani ankayanika chilichonse chimene Mulungu analenga. Mphasa, mabulangete, mitsamiro, mikeka ya kumzikiti, ndi anthu omwe. Ukangotsokomola pafupi nawo, basi wapita padzuwa.

Khalidweli anabwera nalo kuchokera ku Joni. Kumigodiko anadwala chifuwa chachikulu, n'kugonekedwa m'chipinda chomwe kudenga kwake kunali nyali yabuluu. Nesi anawauza kuti kuwala kwa nyaliyo kumapha tizilombo touluka mumpweya wodwala akatsokomola, ndipo dzuwa nalonso lili nako kuwala kotero. Nesi ameneyo sanadziwe kuti watiputira mavuto.

"Azungu amachita kugula dzuwa la m'botolo," ankatero malume. "Ife lathu ndi laulere, koma tikulithawa ngati apolisi!"

Ngakhale khadi la chipani ankaliyanika, ati ladutsa m'manja mwa anthu ambiri. Linayera mbee, zilembo zonse kufufutika. Ayufi, anyamata ofunsa makadi aja, atawagwira pamsika anawatengera ku ofesi, ife kunyumba mitima ili m'mwamba. Koma malume atangolowa anayamba kutsegula mawindo.

"Madala, khalani pansi!"

"Ndikhala, ana anga, koma mpando uwu unaonapo dzuwa liti?"

Anawatulutsa msanga, ati mutu wawo sukuyenda bwino. Tauni yonse inaseka, ndipo kumsika ine sankanditchulanso Laila, ankangoti mdzukulu wa a Yanikani.

Chachikulu chinachitika tsiku limene a kwawo kwa Abdulhamid, mnyamata wanga, anabwera kudzandifunsira. Nthawi imeneyo amayi anali akutsokomola, thupi latha. Masiku amenewo banja la chifuwa chachikulu anthu sankakwatirako, choncho tinawabisa amayi m'chipinda chakumbuyo, windo n'kutseka ndi chiguduli. Malumenso tinawabisira, tinkati amayi apita ku Dwangwa. Koma pa nkhani ya ukwati malume sungawalumphe, ndiye tinawachonderera kuti lero lokha akhale ngati munthu.

Anayesetsa ndithu. Anavala mkanjo woyera, n'kuwalandira a Chande, malume ake a Abdulhamid, ndi salamu yaulemu. Kungoti mipando anaiika pakati pa bwalo, mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo.

"Bwanji tisunthire pakhonde, a Sufiyani?" anatero a Chande, thukuta lili kamukamu.

"Pakhonde n'pa nkhuku. Alendo olemekezeka timawapatsa dzuwa."

Nkhani ili mkati, chifuwa chinamveka m'nyumba. Kho! Kho! Malume anatchera khutu.

"Ndi mbuzi, malume," ndinatero ndili chogwada pakhomo.

"Mbuzi imeneyo ndinabadwa nayo bere limodzi."

Analowa ngati mphepo. Chiguduli chija chinauluka, bulangete lathu lazigamba linagwa pamapazi a alendo, mphasa yothetheka pambuyo pake. Kenako anatuluka atawanyamula amayi m'manja, n'kuwakhazika padzuwa anthu onse akuona.

"Achimwene, mwandivula!" analira amayi.

"Bola kukuvula kusiyana n'kukuveka sanda ya maliro. Ana akugona nawe m'chipinda chamdima, ukufuna upite nawo?"

A Chande anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ukonde wofunika kusoka. Sanabwerenso, ndipo Abdulhamid anakwatira kwina. Ndinalira, ndinawada malume ndi mtima wanga wonse. Iwo tsiku lomwelo anawakweza amayi panjinga mpaka kuchipatala, chifukwa ankati dzuwa limapha za mumpweya ndi za pamphasa, koma za m'chifuwa n'za jakisoni. Amayi anachira, anakalamba mpaka kutha mano, koma mpaka tsiku lomaliza ankadandaulabe za bulangete lija.

Patapita zaka, ine nditakwatiwa ndi mwamuna wina wosaopa dzuwa, mapapo a malume anayambiranso. Mankhwala ankamwa, koma fumbi la kumigodi linali litawadya kale. Anamanga chisakasa chopanda makoma kunyanja, pafupi ndi matandala a usipa, n'kusamukira kumeneko. Chakudya ankati tizisiya pamwala. Anthu anayamba kunena kuti tawataya, ena ati tsopano a Yanikani adziyanika okha.

Ndinapitako nditakwiya, mwana ali kumbuyo.

"Malume, mwatichititsa manyazi mokwanira. Tiyeni kunyumba."

"Ima pomwepo, Laila," anatero. Mawu anali atachepa. "Mphepo ikuchokera kwa ine kupita kwa iwe. Zungulira uko, unditembenuzire mwanayo ndimuone nkhope."

Ndinazungulira. Anamuyang'ana nthawi yaitali ali patali, manja atawapanira m'khwapa kuti angamunyamule. Mwanayo dzina anamutcha ndi iwo, koma sanamugwirepo ngakhale chala. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sanali ofanana ndi aja a bulangete.

Lero mukadutsa kwathu, mawindo ambiri ndi otseka. Munthu amatsokomola mumzikiti, m'basi, pamaliro, popanda womukuwira. Dzuwa limatuluka kunyanja, n'kumangoyendayenda pamwamba pa madenga ngati lova.

Ine zogonera zanga ndimayanika m'mawa uliwonse. Kale ndinkayanika kuseri kwa nyumba. Tsopano ndimayanika kumaso, cha kumsewu, ndi bulangete lazigamba lomwe.