Pomwe Singano Imakakamira

Lolemba

Chiperoni. Minda ya tiyi kuyambira kuseri kwa nyumba mpaka kuphiri sikuoneka, kamvula kake kaja kosanyowetsa koma kolowa m'mafupa.

Elube akukwatiwa Lamlungu. Mwana wanga mmodzi yekhayo, ndipo ukwati ukangotha mwamunayo akumutengera ku Mzuzu. Ku Mzuzu! Ngati kuzizira kwa kuno sikukumukwanira.

Ndagamula: nyimbo za pamadyerero ndisankha ndine. Chakudya ndi cha amake, holo ndi ya komiti, posankha mwamuna sanandifunse. Nyimbo zokha ndi zanga. Ndatulutsa bokosi la tiyi kunsi kwa bedi, lija anandisiyira manijala wakale wa esiteti pobwerera kwawo, ine ndili kapitawo kufakitale. Wina anamusiyira njinga, wina firiji. Ine galamafoni ndi mbale zake. Sindinadandaulepo. Amadandaula ndi amake Elube.

Zimbale zimene ziimbidwe, ndi mayina omwe timazitchula pakhomo pano:

Anyamata a Tsitsi. Rock yeniyeni. Osapesa, osameta, magitala olira ngati makina opera tiyi atameza msomali. Mbali yoyamba amangokonza kukhosi, yachiwiri ndiye mbambande. Izi polowa akwati.

Bambo wa Chimfine. Folk. Gitala imodzi, mawu otulukira m'mphuno. Sindimva zonse zimene amadandaula, koma amadandaula mwaulemu. Uyu nthawi ya chakudya.

Mayi wa Ndolo. Soul. Za uyu sitikangana ndi munthu. Nyimbo yachitatu ya mbali yoyamba ndi imene ndidzavine ndi Elube pamaso pa anthu onse. Ali kamwana, amake ali kuntchito kuchipatala, nyimbo imeneyi ndiyo inkamutontholetsa. Ili ndi kachilema kamodzi: pakatikati, mayiyo akamakweza mawu, singano imakakamira n'kumangobwereza pomwepo. Nyumba ya esiteti tinkakhala ija inali ya matabwa pansi, ndiye ukaponda mwamphamvu singano inkadumpha, nyimbo n'kupitirira. Elube anaphunzira kupondako asanathe kulankhula bwinobwino.

Zina zonse akandilanda, chabwino. Iyi yokha ayi.

Lachiwiri

Chuku! Mbale zonse zachita chuku, mbuu ngati buledi woiwalika. Chinyezi cha kuno sichilemekeza luso.

Ndazitsuka ndi sopo ndi kansalu kofewa. Dzuwa kulibe, ndiye ndazitunga pachingwe cha zovala m'khonde, popeza pakati pali kale chiboo. Nzeru zimenezi palibe wandiyamikira. Amake Elube: "Abambo a Elube, chingwecho n'cha zovala za operekeza mkwatibwi. Azungu anuwo akayanikidwe kwawo."

Ndafuna kuyesa galamafoni. Magetsi azima. Ndakhala ndikuyang'ana zikuto mpaka tiyi wanga wazizira.

Zimene ndikadauza dziko likadandifunsa:

Nyimbo za masiku ano amaziphika pamakina, ng'oma yomweyomweyo kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Chimbale umamvera chonse, kuyambira poyamba mpaka kumapeto, utakhala pansi. Izi zodumphadumpha ndi chala pafoni n'kupanda mwambo.

Mbale yopanda kamkokomo kaja ka "ssss" isanayambe nyimbo ndi yabodza.

Amake akuti ndizilankhula ndekha chamumtima, ndikuopsa nkhuku.

Lachitatu

Msonkhano wa komiti ya ukwati pabalaza panga. Ndikuti panga chifukwa malata ndinagula ndine, koma wapampando ndi alamu anga a Nampeya, malume ake a Elube, eni mbumba. Ine mpando wanga waperekedwa kwa mkulu wa mpingo. Ndakhala pa kasitulu pafupi ndi khomo ngati wodzapempha moto.

Ndaimika dzanja, ndafotokoza dongosolo langa lonse. A Nampeya: "Alamu, zoimbira tinapangana kale ndi a Bizweki a ku Masambanjati, msuweni wa mkwati. Ali ndi nyimbo zonse pa fulashi." Zonse! Kanthu kochepa ngati chala cha mwana, akuti muli nyimbo zonse.

Magetsi analipo, ndiye ndati amve okha. Ndaika Anyamata a Tsitsi, mbali yachiwiri, pomwe gitala imayamba pansipansi kenako n'kuphulika. Ine tsitsi langa lomwe latsala linaima. Komiti ayi.

Mlembi: "Sipika yang'ambika kapena?"

Mkulu wa mpingo: "Kodi akumenyana?"

Msungichuma: "Pa pelekani-pelekani anthu adzukira bwanji nyimbo yoti phazi silikudziwa poponda?"

Ndayamba kufotokoza kuti woimba ng'omayo dziko lonse linamugwadira. A Nampeya amwetulira, akuti mkamwini asamakule mwendo. Anthu kuseka. Ndakalambira pamudzi pano, mano ndagululira pano, ndikadali mkamwini!

Anyamata a Tsitsi achotsedwa. Za kuvina ndi mwana wanga, mkulu wa mpingo akuti kuvina ayi, koma "kuyenda mwadongosolo motsatira nyimbo" sikoletsedwa. Ndavomera. Miyendo yanga imadziwa kusiyana kwake.

Lachinayi

Amayi ophika ayamba kufika, bwalo lonse ndi madengu, nkhuni ndi miphika yobwereka. Ndati ndiwazoloweretse Bambo wa Chimfine, kuti Lamlungu asadzadabwe. Ndatsegula zenera, ndakweza.

Nyimbo yoyamba, akusenda anyezi akucheza. Yachiwiri, macheza atha. Yachitatu, onse zii, wina akupukuta m'maso ndi chitenje, ndipo si anyezi. Ine ndimati luso lawagwira. Posakhalitsa akutulukira a Nachisale a kuseri kuno, atamanga duku, akuyenda pang'onopang'ono manja kumbuyo: "Pepani, tangomva kulira. Watisiya ndani?"

Amake Elube azula waya pakhoma. Bambo wa Chimfine achotsedwa. Kunena zoona mbali yachiwiri ija amatalikitsa, koma zimenezi ndinganene ine, osati iwo.

Masana afika a Bizweki kudzaona galamafoni. Bambo wa ndevu zake, wavala magalasi akuda m'chiperoni. Aizungulira, aigwiragwira: "Madala, ichi chimagwira ntchito kapena n'chokongoletsera?" Waya wanga sulowa pa zipangizo zawo. Akuti adzaika maiki kutsogolo kwa sipika yanga, nyimbo imodzi yokha, akadula keke. "Kapena mungondiuza dzina, ndiipeza pafoni." Ndakana. Mayi wa Ndolo saimba pafoni.

Ndamuyesa pagalamafoni. Mawu akumveka ngati ali m'chitini, singano yatha, ndipo m'timizere mukadali chuku. Ndamutsukanso mosamala ndi burashi ya mano, ndamuimika pawindo kuti aume. Mawa ku Goliati, kuli bambo wina wokonza mawailesi amene sataya kanthu.

Yatsala nyimbo imodzi. Ndi imene ndimafunayo. Mtima uli m'malo.

Lachisanu

Dzuwa! Lotentha ngati la mu Okutobala, mitengo ya tiyi ikuchita kunyezimira. Tsiku lokonzekera Sabata, ndiye amayi akuthamanga ngati nyerere kuti zonse ziume dzuwa lisanalowe.

Ku Goliati ndayenda bwino. Wokonza mawailesi wafufuza m'zitini zake, watulutsa singano yatsopano, ikadali m'kapepala kake. Akuti palibe waifunsapo chibadwire ana ake. Tacheza za magitala, munthu woyamba wanzeru sabata ino. Ndabwerera ndikuimba mluzu pa kabaza.

Kufika pakhomo, pawindo palibe kanthu.

Mlamu wanga wamkazi, akazi awo a Nampeya, mayi wabwino mtima, woimba kwaya: "Alamu, mbale yanu ija ndinaona kuti ikuchedwa kuuma, ndiye ndakuyanikirani limodzi ndi zinzake." Zinzake! Pa lata, pamwamba pa thandala, pakati pa mbale za ndiwo ndi zivindikiro, tsiku lonse padzuwa.

Mayi wa Ndolo wapindika ngati chipewa cha wothyola tiyi.

Ndinafuna kukuwa. Ukuwira ndani? Alamuwo akundiyang'ana akudikira zikomo. Ndati zikomo. Ndalowa m'nyumba, ndakhala pabedi nditagwira mbaleyo m'manja, ikadali yofunda.

Njira zowongolera zimene zandibwerera:

Kuisita ndi ayironi, pamwamba pa thawulo.

Kuiviika m'madzi ofunda.

Kuipanikiza ndi matabwa.

Ndisanayatse n'komwe makala, amake Elube aima pakhomo, akuloza kumadzulo. Dzuwa lalowa, Sabata layamba, ntchito zonse pansi. Dzuwa lomweli, landiwonongera mbale, tsopano lathawa.

Loweruka, Sabata

Kutchalitchi m'mawa. Ulaliki wa kuleza mtima. Ndikuganiza kuti wina anawatsina khutu abusa.

Kusita ndi ntchito, kuviika ndi ntchito. Koma kukhala pansi ndi kupuma, ndipo kupuma n'kolamulidwa. Ndaika mbale pakati pa timatabwa tiwiri, pamwamba khushoni, pamwamba pa khushoni ine. Masana onse pakhonde, osasuntha. Alendo a kuchimuna afika kudzapereka moni, ndawalonjera chokhala. Amake: "Lero miyendo yatani?" Ndati nyamakazi. A Nampeya andiyamikira kuti sanandionepo ndikusunga Sabata chonchi.

Dzuwa litalowa ndadzuka, msana uli gwa. Mbale yawongoka pang'ono, mbali imodzi. Ndaika singano yatsopano. Ikukwera, ikutsika, ngati minibasi pamsewu wa ku Masambanjati, mayiyo akuimba ngati wadutsira pa kachasu. Ndati ndiithandize ndi chala pang'ono m'mphepete. Thyo! Yang'aluka mpaka pakati.

Nthawi yomweyo akulowa Elube, kuchokera koyesa diresi. Wayang'ana mbale, wayang'ana ine, watola chikuto pansi, wachitembenuza. "Ababa, musadandaule. Mukagone, mawa kuli ntchito." Basi, watuluka, anzake akumuitana.

Musadandaule. Ndiye kuti sakukumbuka. Anali wamng'ono, sindingamuimbe mlandu. Koma zandipweteka kuposa kung'aluka kwa mbale. Mlungu wonse ndalimbana ndi komiti, chuku ndi dzuwa chifukwa cha nyimbo imene ndatsala nayo ndekha.

Lamlungu

Ukwati wachitika. Mwana wanga anakongola, zimenezo palibe angatsutse.

Zina zonse: jekete yandithina, a Nampeya alankhula kwa nthawi yaitali ngati mwanayo anabala ndi iwo, a Bizweki atiimbira ng'oma imodzi yomweyo masana onse ndipo anthu akondwa kwambiri. Dziko latha. Ine ndinangokhala kutsogolo ndikumwetulira monga anandilangizira.

Atadula keke, ndikumva pa maiki: "Bambo a mkwatibwi, tikupempheni pakati!" Ndimati pali cholakwika. Elube watsika kale, wanditambasulira dzanja. Kenako malipenga aja oyambirira. Mayi wa Ndolo, pafoni ya a Bizweki! Kani chikuto chija dzulo amawerenga dzina.

Ndinene chilungamo, sinamveke bwino. Yoyera mopitirira, yopanda "ssss", yopanda fumbi. Ndinayamba kumuuza zimenezi Elube, iye akuti, "Ababa, vinani." Tayenda mwadongosolo. Ndamuponda velo kamodzi.

Tafika pakatikati paja, mayiyo akukweza mawu. Pafoni palibe chokakamira, nyimbo ikungodutsa bwinobwino. Koma Elube, pamalo enieniwo, osachedwa osafulumira, wakweza diresi n'kuponda pansi ndi nsapato ya ukwati. Gu! Pa simenti ya holo. Wandiyang'ana, maso ali ndi misozi, akuseka.

Anthu ayesa ndi sitepe yatsopano. Operekeza mkwatibwi aponda, amayi ophika aponda, a Nampeya aponda kawiri, molakwika. Ine sindinaponde. Sindimaona bwino, ndinauza mkulu wa mpingo kuti ndi chimfine.

Akwati anyamuka madzulo ano, akagona ku Blantyre, mawa Mzuzu. Chiperoni chabwerera. Pabwalo patsala phulusa ndi miphika ya eni ake.

Ndabweza zonse m'bokosi. Chikuto cha Mayi wa Ndolo palibe. Amake akuti anachiona m'sutikesi ya Elube, pakati pa zitenje. Osapempha n'komwe! Mwana ameneyu anatengera kwa amalume ake.

M'nyumba muli zii. Ndatulutsa Bambo wa Chimfine, ndamuika motsitsa, mbali yachiwiri yotalika ija. Amake Elube alowa, ayang'ana waya pakhoma, ayang'ana chitseko cha chipinda cha Elube. Akhala pansi pafupi nane.

"Kwezani pang'ono," akutero.