Mazira a Tadala ndi Mlendo Wathu

Lolemba

Tadala wabwera ndi pepala lochokera kwa a kochi a kusukulu kwake. Loweruka kuli mpikisano wothamanga, ndipo atatu oyamba adzalipiriridwa maphunziro a kukoleji. Mwana wanga ali m'kalasi yomaliza, mwayi wina kulibe. Kuchapa ndi kukolopa kwanga m'nyumba ya abwana ku Glenwood, kuno ku Durban, sikungamufikitse kumeneko.

Pepalalo likuti:
- mazira awiri m'mawa, nthochi akachoka kothamanga
- madzi botolo lalikulu, kawiri pa tsiku
- kugona maola asanu ndi atatu
- Lachisanu osathamanga, adye bwino, apume

Ndalimata pafuriji. Bedi ndi limodzi m'chipinda chathu chino cha ku Greyville, ndiye ndamusiyira, ine ndatsikira pansi. Sabata ino ndine kochi wachiwiri, sindikuseka ndi munthu.

Lachiwiri

Zikuyenda! Mazira alowa onse awiri. Madzi wamwa mpaka akudandaula kuti m'mimba mukukhuvuka ngati chigubu. Ndamuuza kuti chigubucho chithamange basi.

Madzulo foni. Alamu anga, alongo a malemu bambo a Tadala, ali m'basi, akubwera kudzaonetsa maso kwa dokotala. Ndi amene anandilerera mwanayu ku Balaka zaka zisanu, ine ndili kuno kusaka ntchito. Munthu wotere sumufunsa kuti akhala masiku angati.

Lachitatu

Afika m'mamawa ndi zikwama zitatu komanso chifuwa. Bedi lapita. Tadala wabwera pansi kudzakhala nane.

Ndakazinga mazira anayi, ndaika patsogolo pa mlendo monga tinaleredwera, ndikuyembekeza kuti asiyako awiri. Asiya mbale. Nthochi nazo akuti zimawathandiza kuthamanga kwa magazi.

Aona kabudula wothamangira ali pachingwe. "Mwana wamkazi ntchafu pamtunda chonchi? Bambo ake akanakhalapo!" Ndamwetulira mwaulemu. Mkwiyo wonse ndakauthera pa mapoto a abwana, lero awala kuposa kale.

Lachinayi

Mkonono wa alamu ndi jenereta yeniyeni, ndipo kusanache adzuka kupemphera mokweza, kutchula abale onse mayina. Tadala maso ali psu.

Madzi wasiya kumwa madzulo. Chimbudzi chili kunja pakhonde, ndipo kuti utuluke uyenera kudumpha zikwama, alamu n'kudzidzimuka: "Ukupita kwa ndani?"

Mazira otsala ndinawabisa m'chikwama changa cha kuntchito. Muminibasi bambo wina wachikhalira. Sindinathe ngakhale kumukalipira, Chizulu changa chimathawa ndikakwiya.

Zomwe zatsala papepala: kudya ndi kupuma kwa mawa. Mawa ndiwauza alamu mosapsatira. Mawu ndakonza kale.

Lachisanu

Mawu aja athera panjira. Ndinayamba bwinobwino, "Alamu, pepala ili likuti..." Iwo: "Mwanayu ndinamulera ndi phala la mgaiwa, pepalalo linali kuti?" Ndinangoti, "Zoona." Ndinanyamula chikwama, ulendo wa kuntchito.

Pobwera ndapeza Tadala milomo itauma, akuyankhula motsitsa. Alamu alamula kusala kudya, ngakhale madzi ayi, mpaka mpikisano utatha, kuti Mulungu amupatse chipambano. Kusukulu akanatha kudya mobisa, koma mwana wanga sadziwa kunama. Alamu nawonso asala, ndi matenda awo omwewo. Achita ndi mtima wonse, ndipo n'chimene chikundipweteka kwambiri.

Ndamukokera pakhonde, ndamupatsa buledi ndi madzi, tikuyang'ana kuchitseko ngati akuba. Wadya zidutswa ziwiri zokha, zotsalazo wandibwezera.

Loweruka

Dzuwa la ku Durban, thukuta lili kamukamu usanayende n'komwe.

Azungulira bwalo kawiri, Tadala ali patsogolo! Ine ndikukuwa m'Chizulu kuti anthu asadziwe kwathu. Alamu akukuwa m'Chichewa, saopa munthu.

Pozungulira komaliza miyendo yamuthera. Ndikuona akumudutsa, mmodzi, wachiwiri, wachitatu, wachinayi. Manja akupalasa koma thupi silikupita. Wafika wachisanu, wagwera paudzu. A kochi athamanga ndi madzi, agwada, akumufunsa zinazake. Kenako atembenuka kuyang'ana kumene takhala ife. Ndaweramitsa mutu.

Alamu akulira pambali panga. "Tinayamba mochedwa kusala."

Lamulungu

Alamu apita okha kutchalitchi, akuti akafunse Mulungu chimene chalakwika. Tadala wagona pabedi tsiku lonse.

Ndakhala ndikufuna womukwiyira, sindikumupeza. Alamu anachita zimene amadziwa. Ine ndinkadziwa zoyenera, ndinaziwerenga ndi maso anga, koma ndinasankha ulemu. Ndikumva chisoni, ndiponso manyazi. Chaka chamawa mwanayu mwina azidzakwera nane minibasi ya ku Glenwood, ndipo zimenezo ndi zomwe ndinathawira kwathu kuti zisadzamuchitikire.

Wadzuka dzuwa litapendeka. Ndamupatsa tiyi, walandira ndi manja awiri.

"Amayi, dzulo a kochi anandifunsa ngati kunyumba kuli munthu wondisamalira."

"Unawayankha chiyani?"

"Ndinati alipo."

Wamwa tiyiyo pang'ono, waika kapu pansi, watembenukira kukhoma.