Kakhadi ka m'thumba la jekete ndi sefuliya ya amayi

Mukandiona ndikudutsa pamsika wa Mangochi nditasenza sefuliya yaikulu yomwe si yanga, musandifunse. Ndikuuzani ndekha pano, kuti musakamve zokometsera kwa ena.

Ine ndimagulitsa kaunjika, ndipo ndimathokoza Mulungu chifukwa ana anga onse akulira zovala zomwezi. Ndikatsegula belo, ndimayamba ndapemphera kenako n'kupisa m'matumba monse (musandiweruze, aliyense wa kaunjika amatero). Ndapezamo timipango, mabatani, tsiku lina mpaka mano oikirira. Koma ulendo uwu, m'jekete yobiriwira ya manja achikasu, ndinapezamo timakhadi tiwiri ta zithunzi. Pa kalikonse panali mwamuna wovala kapusi, atanyamula chibonga. Kena kanali konyezimira, m'mbali mwake ngati golide. Kanzake kanali kotuwa, kooneka kotopa ngati ine madzulo a tsiku la msika.

Ndikutiyang'ana choncho, anafika a Kamanga, aphunzitsi ochokera ku Dedza omwe amagula malaya kwa ine. Anati amenewo ndi osewera besibo, masewero a ku America omenya kampira ndi chibonga.

"Mayi, timakhadi timeneti azungu amatisunga ngati chuma. Tina timagulidwa ndalama zoti munthu n'kugula galimoto," anatero. Anatijambula tonse tiwiri pafoni, nati akafunsa mlamu wawo amene ali kunjako.

Galimoto! Mawu ena onse sindinawamve. Ndinaona ndekha kuti galimotoyo ili m'konyezimirako, choncho ndinakamanga pakansalu n'kukaika pachifuwa. Kotuwako ndinakabwezera m'thumba la jekete ngati basela, ndipo tsiku lomwelo jeketeyo inagulidwa ndi bambo wina wa kabaza wa njinga yamoto, yemwe anati amagwirira ntchito ku Chiponde.

Tulo sindinatione bwino. Ndikasesa ndimasiyira pakati, ndikakhala pansi ndimadzukanso. Pofika Lachinayi, tsiku la mapemphero a amayi kutchalitchi kwathu, mtima unali utadzaza mpaka pakhosi. Atangoti kodi alipo wa umboni, ndinapezeka ndaimirira kale.

"Amayi anzanga, Mulungu wandiyendera kudzera m'belo! Sefuliya yathu yophikira pamaliro ija, yodontha ija, muiiwale. Ndigula yatsopano ine!"

Kunali nthungululu. Amayi a Chirwa, omwe ndi atsogoleri athu, anandikumbatira misozi ili mbwee. Ine ndinavina mpaka duku linagwa.

M'mawa mwake a Kamanga anabwera ku benchi yanga akumwetulira. Ndinatulutsa kakhadi kanga monyadira, koma iwo anapukusa mutu.

"Osati ako, mayi. Taonani kapusi ya munthuyu, ilibe chizindikiro cha timu. Ndiye kuti amene anapanga kakhadika analibe chilolezo cha eni masewero. Mlamu akuti totere ambiri satifuna, ngakhale tinyezimire bwanji. Kabwino ndi kotuwa kaja, kokhala ndi chizindikiro pakapusi. Kaja mwina kangapeze wogula. Kali kuti?"

Abale anga! Ine amene ndimauza makasitomala tsiku ndi tsiku kuti nsapato yeniyeni imadziwika ndi chizindikiro osati kuwala, ndinapusitsidwa ndi golide wa papepala.

Katundu ndinamusiyira mnzanga wa benchi yoyandikana nayo, ine ulendo wa ku Chiponde. Galimoto ikukwera mapiri a ku Chowe, ine ndikupemphera kuti mkazi wa bambo wa kabaza uja akhale waulesi, asanachape jekete (Ambuye andikhululukire, sindinapemphererepo munthu ulesi chibadwire).

Ku Chiponde a kabaza ndi ochuluka ngati nyerere, ndipo nkhope ya munthu wanga sindinkaikumbuka. Ndinkangodziwa jekete. Ndiye taganizani mayi wamkulu, duku kumutu, akuzungulira gulu la amuna n'kumawasuzumira pamsana.

"Tikwere, mayi? Mandimba kapena Namwera?"

"Ayi, ndikufuna bambo wa jekete yobiriwira."

"Anakuthawani? Ana angati?" anafunsa wina, anzake n'kufa nacho chikhakhali.

"Iwe, ndine mayi wa mpingo ine!"

"Pepani mayi, koma a mpingo ndi amene amathawidwa kwambiri kuno."

Pamapeto pake wina anandimvera chisoni. "Ameneyo ndi Che Jafali. Apita kukasiya munthu kutsidya kwa malire, adikireni." Ndinadikira ndili chiimire, njinga iliyonse ikamveka khosi n'kutalika. Atatulukira, jekete ili pathupi, sindinapereke ngakhale moni. Dzanja langa linangopita lokha m'thumba mwawo.

"Astaghafirullah! Mayi, n'chiyani?" anakuwa Che Jafali, akugwira dzanja langa. Anthu anayamba kusonkhana, wina akuti wakuba, wina akuti ndi nkhani ya banja. Ndinachita kugwada pofotokoza.

Atamvetsa anaseka, munthu wabwino ndithu. "Kapepala ka mzungu wa chibonga? Kalipo, mayi, kakundithandiza kwambiri." Analoza galasi loonera kumbuyo la njinga yawo. Linali logwedera, ndiye anakapinda kakhadi kaja kangapo n'kukakanikiza m'mphako kuti ligwire. Atakasolola kanali konyowa ndi oilo, kong'ambika pakati. Mutu wa munthu uja, pamodzi ndi kapusi ndi chizindikiro chake, unatsalira momwemo.

"Tengani, mayi. Koma mundipezere kena kolimba chonchi, galasi lingagwe."

Ndinawapatsa konyezimira kaja. Kanakwana bwinobwino.

A Kamanga ataona chidutswacho anangoti, "Mayi, apa ngakhale mlamu sindimutumizira."

Lachinayi lotsatira ndinalowa m'tchalitchi ngati nkhuku yonyowa. Ndinalimba mtima poganiza kuti palibe chatayika, tipitiriza ndi sefuliya yathu yodontha. Ndinaimirira n'kufotokoza zonse, kuyambira belo mpaka galasi la Che Jafali. Ena anabisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka. Koma amayi a Chirwa sanaseke.

"Mayi, mwachita bwino kunena zoona. Koma sefuliya ija tinaipereka kwa wokhoma zidebe tsiku lomwe lija. Munati tiiiwale. Pano ndi mbaula."

Ndinakhala pansi pang'onopang'ono.

Amayi onse anagwirizana mwachikondi, popanda wonditukwana, kuti mpaka tidzasonkhe yogulira ina, tizibwereka kwa Abiti Saidi, mayi wachisilamu wophika pamaukwati, amene amakhala kuseri kwa msika. Ndipo wokaitenga ndi kukaibweza, pamutu, ndi ine. Abiti Saidi, Mulungu awadalitse, sanandikanizepo. Amangoti, "Mwabwera ndi galimoto ija, mayi, kapena musenza?"

Ndimasenza, ndipo ndimathokoza kuti khosi ndili nalo lolimba. Kuyamika Mulungu sindinasiye ayi. Kungoti masiku ano mtima ukadzaza Lachinayi, ndimayamba ndagwira benchi ndi manja onse awiri, n'kudzifunsa ngati chinthucho chafika kale m'nyumba. Ngati sichinafike, ndimangoyambitsa nyimbo.