Mmene Ndinagawitsira Katundu wa Amayi

Nkhani imene ndikulemba m'kope muno ndi yochititsa manyazi. Ndasankha kuilemba chifukwa pakamwa sindingathe kuimaliza.

Dzina langa ndine Esinati, mwana woyamba wa a Phiri. Sukulu ndinalekera Fomu 2, komabe pakhomo pathu ankanditenga ngati loya, popeza ndinkatha kuwerenga Chingerezi.

Abambo anachoka ku Mulanje ali mnyamata, ndipo anagwira ntchito pa esiteti ya tiyi ku Honde, m'dziko la eni lino, mpaka kumera imvi. Nthawi yopuma ntchito itayandikira, kampani inalamula kuti nyumba ya mukomboni tiibweze. Ife mudzi tilibe m'dziko muno. Choncho abambo anaponya penshoni yawo yonse pa nyumba yatsopano ku Mutare, kudzera mwa ejenti wogulitsa nyumba, bambo Sithole.

Tsiku lokaona nyumbayo linagwera m'dzinja, tiyi ataphuka kwambiri, ndipo akapitawo anawamana abambo tchuthi. Amayi anati maofesi amawadwalitsa mutu.

"Upite iweyo, Esinati," anatero abambo. "Ukaone zonse, ukafunse zonse."

Ndinakwera basi nditakumbatira kope langa. Bambo Sithole ndinawapeza atavala tayi, akununkhira ngati sitolo.

"Maswera sei, sisi?" anandipatsa moni.

Ndinayang'ana nsapato zanga. "Yes, sir."

Anandifotokozera m'Chishona kuti m'nyumba yathu penti anali asanaume, choncho andionetsa yoyamba pamzere, pakuti mamangidwe ake ndi amodzimodzi. Atatsegula chitseko, ndinasuzumira m'kati. Sofa yofiira! Tebulo lagalasi, makatani amaluwa, firiji, ndi bedi lalikulu loti anthu anayi n'kugonapo osakhudzana!

Pano ndiyenera kudziteteza pang'ono. Mukomboni, nyumba imabwera ndi zake: bedi lachitsulo, tebulo ndi mbaula. Wolowa amazipeza, wotuluka amazisiya. Ine nyumba ina ndinali ndisanaidziwe. Ndinaganiza kuti m'tauni lamulo ndi lomwelo, kungoti makampani ake ndi opatsa. Ndinalemba zonse m'kope, mzere ndi mzere.

"Any questions, sisi?"

Funso linalipo. Linakwera mpaka pakhosi, linaona tayi, n'kubwerera.

"No, sir."

Nditafika kwathu, anthu a mzere wathu wonse anasonkhana pakhonde. Ndinawerenga mndandanda wanga mokweza, ndipo nditatchula firiji amayi analuluta.

"Zonsezi ndi zathu?" anafunsa abambo. "Unafunsa bwinobwino?"

Maso onse anali pa ine. Chibadwire ndinali ndisanalemekezedwepo chotero. Ndinagwedeza mutu movomera.

Pali mwambo mukomboni woti munthu wosamuka amasiyira anzake kanthu kachikumbutso, kaya lichero, kaya mpando wothyoka. Amayi anaupitiriza muyeso mwambowo. Mipando yathu inayi anapatsa anansi. Kabati anapatsa akazi a akapitawo, dala, kuti amuna awo amve manyazi. Bedi lamatabwa, limene anagula atatchola tiyi zaka zambiri, anapatsa mnzawo wapamtima, anaBanda.

"Tengani, amnzanga! Zimenezi zikaipitsa sofa."

"Mayi a Esinati, bwanji tiyambe taona?" anatero abambo chapansipansi.

"Mwana wawerenga m'buku, inu mukukayikanso chiyani?"

Usiku... ayi, ngakhale masana funso lija linkandivutitsa. Koma kunena kuti sindinafunse kunali kutalemera kuposa kabati.

Tsiku losamuka, lole imene tinachita hayala inanyamula mapoto, mabulangete, nkhuku zitatu ndi anaBanda. Iwowa anabwera kuti akhaleko pa sofa n'kukafotokozera anzawo.

Bambo Sithole anatidikira pakhomo ndi makiyi. Amayi anakonza duku, anavula nsapato kuti asadetse kapeti, n'kulowa.

Simenti. Makoma anayi. Babu limodzi likulendewera.

Amayi anathamangira kuchipinda, kenaka kukhitchini.

"Maiwe! Atibera! Akuba, akuba!"

"Amai, palibe wakuba," anatero ejentiyo modabwa. "Chasowa n'chiyani?"

"Sofa! Firiji! Bedi la anthu anayi!"

Bambo Sithole anatsokomola, akuyesetsa kubisa mano. "Zija ndi za show house, nyumba yongoonetsera ogula. Ndi za ofesi yathu. Inu mwagula nyumba, baba, ndipo ndi iyi. Kodi sisi sindinawafunse ngati ali ndi funso?"

Abambo anatembenuka pang'onopang'ono.

"Esinati, unafunsa?"

Ndinayang'ananso nsapato zanga. Zinalibe yankho.

"No, sir," ndinatero, kwa abambo anga ondibereka!

Abambo anakhala pansi pa simenti, pakuti panalibe pena pokhala. Anagogoda khoma ndi chala n'kunena kuti, "Khomali ndi lathu. Apa palibe kapitawo wotichotsa." Kenaka anaseka mpaka misozi. Amayi sanaseke. Mphatso siilandidwa, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa tonsefe.

Apa m'pamene anaBanda anaonetsa chifundo chawo. Anawagwira amayi paphewa.

"Musalire, amnzanga, umphawi umagwera aliyense. Ine kwathu ndili ndi bedi lamatabwa labwino kwambiri. Ndikubwerekani."

Amayi anagwada, n'kuwomba m'manja mothokoza.

"Koma mubweze Khirisimasi isanafike," anawonjezera anaBanda. "Kukubwera alendo."

Akuluakulu amati safunsa anadya phula, koma safunsa wa ku Mutare akugona pa simenti mpaka lero.