Nkhondo ya Tulo ta Laputopu

M'masiku aulemerero amene inki inkanunkhira ndipo kalata inkapindidwa mwaulemu, zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu zapitazo, ndisanapite kunja, bambo anatiimika ine ndi achimwene patsogolo pa taipilaita yawo, natilumbiritsa kuti chitseko cha ofesi yathu yolembera anthu makalata sichidzatsekedwa masana munthu ali panja ndi pepala m'manja. Tinalumbira. Taipilaita ija sinkadziwa tulo. Inafa ili maso.

Nditabwerako ndi imvi zanga, ndinapeza pamalo pake pakhala laputopu, kachinthu kopyapyala kokonda kugona ngati mwana wa abwana. Pa tulo take m'pamene panabuka nkhondo yoposa zonse zimene ndinawerengapo m'mabuku.

Achimwene, Mkango wa pa Benchi, Wosunga Chaja, iwo amene mkonono wawo umavinitsa makatani, anailembera lamulo mkati n'kulitseka ndi pasiwedi: izidzuka yokha 7 koloko m'mawa, izigona yokha 12 koloko, izidzukanso 2 koloko.

"Batire imatentha," analengeza, chala chili m'mwamba. "Wokonza makompyuta ananena yekha. Wodzutsa makina awa nthawi isanakwane adzaonana ndi ine."

Akazi awo, alamu anga, Mphezi ya Zala Khumi, amene amataipa osayang'ana kiyibodi, anayankha atagwira m'chiuno: "Batire yake iti, bambo a ana? Ya patebulo kapena ya pabenchi? Anthu amatuluka kuntchito 12 koloko ndi makalata, n'kudzapeza makina ali mtulo, eni ake ali mtulo."

Ine ndinayesa kuthandiza. "Mukangodina batani lililonse imadzukatu."

"Alamu, mwabwera dzana," anatero alamu anga. "Ine sindikufuna kudzutsa mozemba ngati wakuba. Ndikufuna lamulo ligwe."

"Za kunja uzisiye kunja komweko," anawonjezera achimwene, ndipo pa mfundo yokhayo adani awiri anagwirizana.

Lachitatu, Mkango utapita kukagula mapepala, Mphezi inazindikira kuti lamulo n'lokhoma koma wotchi ya laputopu ili poyera, ndipo inaibweza m'mbuyo maola awiri. Dzuwa linafika paliwombo laputopu ili maso. Makalata asanu ndi anayi anatuluka masana amenewo, achimwene akungotembenuka pabenchi, diso limodzi lili patebulo, poti sakanagona makina asanagone.

Koma chipambano chinali ndi mchira. M'mawa mwake 7 koloko inakwana laputopu ikuyesa kuti ndi 5, ndipo sinadzuke. Mzere unafika kumsewu. Achimwene anapinda manja poopa kuphwanya lamulo lawo lomwe, alamu anapinda manja poopa kuulula za wotchi, ndipo magulu awiri ankhondo anayang'anizana, pakati pawo pali galasi lakuda bii, mpaka namwino wina wofuna kalata yopempha tchuthi anatopa.

"Pepani akuluakulu, odwala akundidikira," anatero, n'kugogoda batani limodzi ndi cholembera. Laputopu inadzuka.

Achimwene anayang'ana wotchi ya pagalasi, kenako ya padzanja lawo, kenako akazi awo.

Mtendere unasainidwa madzulo ake, makope atatu, chidindo pa lililonse: laputopu izigona theka la ola lokha, kuyambira 1 koloko, ndipo pasiwedi igawidwe pakati, zilembo zinayi kwa Mkango, zinayi kwa Mphezi. Laputopu anaisokera kansalu kamaluwa kofunda. Tinatsegula mabotolo atatu a zakumwa, achimwene anayamikira kulimba mtima kwa mbali zonse kwa mphindi makumi awiri, ndipo printa inatulutsa pepala lopanda kanthu ngati mfuti ya ulemu. Ndime yomaliza inkati pa nthawi ya tulo pasakhale phokoso la anthu olowa. Ine ndinasaina ngati mboni.

Tsiku lotsatira, 1 koloko itakwana, laputopu inagona, achimwene anagona, alamu anavula nsapato. Pakhonde panafika bambo wina wathukuta, pepala lili m'manja. Chitseko ndinatseka ndine.